Ufulu ndi Udindo wa Wogula Pikapu Yakale ya 4x4

Misewu yambiri ya m'Malawi yopita ku midzi, ku minda ndi ku misika ing'onoing'ono ndi yafumbi, ndipo mvula ikakhazikika kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi imasanduka matope ndi zigwembe zomwe galimoto wamba singadutse. N'chifukwa chake alimi, ogula mbewu, akontilakitala ndi ena ogwira ntchito kumadera akutali amafunitsitsa pikapu ya 4x4, ndiko kuti galimoto yonyamulira katundu kumbuyo yomwe injini yake imatha kutumiza mphamvu ku matayala onse anayi. Popeza mtengo wa yatsopano ndi wosafikirika kwa anthu ambiri, zomwe zimagulidwa kwambiri ndi za zaka 15 kapena 20, monga Toyota Hilux, Land Cruiser ya mtundu wa 70 yomwe inayamba kupangidwa mu 1984, Isuzu KB, Nissan Hardbody ndi Ford Ranger, ndipo eni ake ena, akaigwiritsa ntchito mkati mwa sabata, Loweruka ndi Lamulungu amakwera nayo ku Nyika, pa phiri la Zomba kapena m'tinjira ta m'mbali mwa nyanja. Wogula galimoto yotere amataya nthawi yaitali akumvetsera kulira kwa injini ndi kuyang'ana utsi, mapepala n'kungowaona patalipatali, chonsecho vuto la injini limathera pa ndalama za makaniko, pomwe vuto la mapepala limatha kulanditsa galimoto yonse, ndalama n'kulowa m'madzi, mwinanso wogulayo n'kugona m'chitokosi cha apolisi.

Lamulo lalikulu loyendetsa kugula ndi kugulitsa katundu ndi Sale of Goods Act, lomwe mfundo zake zinatengedwa ku lamulo la ku England la mu 1893, ndipo limagwira ntchito ngakhale pamene anthu awiri apatsana galimoto ndi ndalama pansi pa mtengo popanda kulemberana kalikonse. Malinga ndi lamuloli, wogulitsa amatengedwa kuti walonjeza zinthu zitatu ngakhale sanazitchule pakamwa: kuti ali ndi mphamvu yogulitsa katunduyo, kuti wogula adzakhala naye mwamtendere popanda wina kudzamulanda, ndiponso kuti katunduyo si chikole cha ngongole yomwe wogula sanauzidwe. Malonjezo amenewa ndi amphamvu, koma amayendera limodzi ndi mfundo ina yowawa, yakuti munthu sangapatse mnzake umwini womwe iye mwini alibe. Galimoto yobedwa imakhalabe ya mwini wake woyamba ngakhale itadutsa m'manja mwa anthu anayi omwe onse analipira ndi mtima woyera, kotero kuti, kupatula pa zochitika zochepa zomwe lamulo linazitchula, wogula womaliza amayenera kuibweza, n'kutsala ndi ufulu wosumira yekhayo amene anamugulitsa, yemwe nthawi zambiri amakhala atazimitsa kale foni. Komanso malamulo a milandu yaupandu, a mu Penal Code, amalanga munthu wolandira katundu akudziwa, kapena ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira, kuti ndi wobedwa, ndipo mtengo wotsika mosayembekezeka, wogulitsa wokana kuonetsa chiphaso chake cha unzika, kapena malonda ochitikira mumdima mothamanga, ndi zinthu zomwe bwalo la milandu likhoza kuzitenga ngati chifukwa chotero.

Choncho ntchito yoyamba ya wogula ndi kufananitsa zinthu zitatu: munthu wogulitsayo, chikalata cha umwini, ndi galimoto yeniyeniyo. Chikalatachi, chomwe anthu amachitchabe bulu buku, chimaperekedwa ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, yodziwika kwa aliyense kuti Road Traffic, ndipo zolembedwamo zimasungidwanso m'kaundula wa pakompyuta wotchedwa MALTIS. Dzina la pa chikalata liyenera kukhala la munthu amene akugulitsa, ndipo ngati akunena kuti akugulitsira achimwene ake omwe ali ku Johannesburg, afunika kuonetsa kalata yomupatsa mphamvu imeneyo, wogula n'kulankhulanso ndi mwini wakeyo. Nambala ya chasisi, yomwe ili ngati dzina lobadwa nalo la galimoto, siyenera kuwerengedwa pa kachitsulo kokhomedwa ndi maliveti pafupi ndi injini kokha, chifukwa kachitsulo kotero kamachotsedwa mosavuta. Pa pikapu nambalayi imadindidwa pa chitsulo chachikulu chonyamula galimoto yonse, kawirikawiri mbali ya kumanja pafupi ndi tayala, ndipo pa galimoto yomwe yakhala ikuyenda m'matope wogula amayenera kugwada, kupala dothi louma ndi burashi ya waya, n'kuunika ndi tochi. Manambala odindidwa ku fakitale amakhala ofanana kukula ndi kuya kwake ndipo amaima pamzere umodzi, pomwe odindidwa ku galaja amapendekeka, ena amazama kuposa anzawo, ndipo mozungulira mumaoneka zipsera za kuwotcherera kapena penti yatsopano pa chitsulo chomwe kwina konse n'chadzimbiri. Nambala ya injini ifananitsidwenso chimodzimodzi, ndipo pomwe pali chikayiko, nthambi ya apolisi yoona za magalimoto obedwa, yomwe imagwira ntchito ndi Interpol, ndiyo yoyenera kufunsidwa ndalama zisanatuluke.

Galimoto ikhoza kukhala yosabedwa koma yomangidwa ndi ngongole. Malamulo a pamsewu amasiyanitsa munthu amene akuigwiritsa ntchito ngati mwini ndi amene ali ndi mphamvu yovomereza kuti igulitsidwe, wotchedwa title holder, ndipo pa galimoto yogulidwa ndi ngongole wachiwiriyu amakhala banki kapena kampani yobwereketsa ndalama kufikira ngongole itatha. Lamulo la Personal Property Security Act la mu 2013 linabweretsa kaundula wa zikole, yemwe anakhazikitsidwa pansi pa ofesi ya Registrar General, momwe obwereketsa ndalama amalembetsa katundu yemwe amugwira ngati chikole, ndipo munthu aliyense ali ndi ufulu wofufuzamo. Wogula amene sanafufuze sangadabwe banki ikabwera kudzatenga galimoto yomwe chikole chake chinalembetsedwa. Palinso ngongole za katapila zomwe sizilembetsedwa kulikonse, momwe wobwereketsa amangosunga bulu buku m'kabati mwake, ndipo n'chifukwa chake wogulitsa wobwera ndi fotokope, kapena wonena kuti chikalata chenicheni chinasowa posamuka, sayenera kupatsidwa ngakhale ndalama ya chikole cha malonda kufikira atakatenga yekha china ku Road Traffic.

Nkhani ya msonkho imakhudza mapikapu akale kuposa magalimoto ena, chifukwa Land Cruiser ndi Hilux zambiri zolimba zomwe zimafika pa msika zinayamba moyo wawo m'manja mwa mabungwe othandiza anthu, maofesi a akazembe ndi mapulojekiti a chitukuko, omwe ena mwa iwo amaloledwa kulowetsa magalimoto osalipira msonkho wa pachipata. Mwayi umenewu ndi wa bungwelo, suyenda ndi galimoto, kotero kuti galimotoyo ikamagulitsidwa kwa munthu wamba, kaya pa okushoni kapena mwachindunji, bungwe lotolera msonkho la Malawi Revenue Authority limayenera kuvomereza ndipo msonkho woyenera umayenera kulipiridwa. Wogula ayenera kudziwa asanapikisane mtengo kuti wolipira msonkhowo ndi ndani, chifukwa lamulo la Customs and Excise Act limalola kugwira katundu wosalipiridwa msonkho m'manja mwa aliyense amene wapezeka naye. Msampha wina ndi wa mapikapu a nambala za ku South Africa kapena ku Mozambique omwe analowera pa Mwanza kapena pa Dedza ndi chilolezo cha kanthawi chabe, chomwe chimapatsidwa kwa mlendo pa lonjezo lakuti galimotoyo idzatulukanso. Galimoto yotere siyenera kugulitsidwa m'dziko muno isanalipiridwe msonkho, isanatsimikizidwe ndi apolisi a dziko lomwe yachokera ndi a kuno kuti si yobedwa, ndiponso isanalembetsedwe, ndipo kutchipa kwake kumakhala kwa masiku owerengeka okha.

Gwero lina la mikangano ndi chuma cha masiye. Mwini galimoto akamwalira, mchimwene wake, mwana wake wamkulu kapena malume sakhala ndi mphamvu yoigulitsa chifukwa chongosunga makiyi, pakuti lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la mu 2011 limafuna kuti chuma chigawidwe ndi munthu yemwe wapatsidwa mphamvu mwalamulo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Wogula pikapu yomwe ili m'dzina la malemu ayenera kuona makalata a mphamvu imeneyo, osati chifukwa choopa kutaya ndalama chokha, komanso chifukwa galimoto yotere nthawi zambiri ndiyo chuma chachikulu chomwe mayi wamasiye ndi ana ake atsala nacho.

Pa nkhani ya umwini lamulo limaima kwambiri ndi wogula, koma pa nkhani ya ubwino wa galimoto chitetezo chake chimachepa, ndipo apa mpomwe anthu ambiri amayembekezera zomwe lamulo silinalonjeze. Lonjezo losatchulidwa lakuti katundu ndi wa ubwino woyenera kugulitsidwa limamanga wogulitsa yemwe ntchito yake ndi kugulitsa katundu wa mtundu umenewo, monga mwini yadi ya magalimoto, koma silimanga mphunzitsi kapena mlimi wogulitsa galimoto yake yomwe watopa nayo. Ngakhale kwa wamalonda, ubwino woyembekezereka pa pikapu ya zaka 20 si wa yatsopano, ndipo ngati wogula anaiyang'ana asanagule, sangadandaulenso za zolakwika zomwe kuyang'anako kunayenera kuzionetsa, monga dzimbiri loonekera, mafuta odontha kapena matayala akutha. Wogula amene wauza wamalonda momveka ntchito yomwe akufunira galimotoyo, mwachitsanzo kututa fodya m'misewu ya ku Ntchisi nyengo ya mvula, n'kudalira luso la wamalondayo posankha, amapeza chitetezo china, chakuti galimotoyo iyenera kukwanitsa ntchito imeneyo.

Chomwe chimamanga wogulitsa aliyense, wamalonda kapena wamba, ndi mafotokozedwe a katundu. Galimoto yogulitsidwa ngati ya 4x4 iyenera kukhala ya 4x4, ndipo zilembo zomatidwa pa bodi si umboni, chifukwa chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Pa mapikapu akale zimachitika kuti shafiti yotumiza mphamvu ku matayala akutsogolo inachotsedwa kalekale itayamba kusokosa, kapena kuti difu yakutsogolo, yomwe ndi chipangizo chogawira mphamvu ku matayala awiri a ekiselo imodzi, inatha mano, galimoto n'kumayenda bwinobwino pa tala ndi matayala akumbuyo okha. Njira yodziwira ndi yosavuta ndipo wogula ali ndi ufulu woiumirira: kusuzumira pansi kuti aone ngati mashafiti onse awiri alipo, kutembenuza timahabu ta pa matayala akutsogolo kufika pa LOCK ngati galimotoyo ili nato, kulowetsa giya yaing'ono pa H4 kenako pa L4, n'kuyendetsa pa mchenga kapena pa chitunda cha miyala. Pa L4 galimoto yabwino imakwawa pang'onopang'ono injini ikulira mokweza, matayala akutsogolo akukanda nthaka, ndipo giya yomwe imatuluka yokha kapena phokoso la kugogoda pokhota ndi chizindikiro cha ndalama zambiri zomwe zikudikira wogula. Makaniko wopita naye akhale wosankhidwa ndi wogula mwini, osati wobwera ndi wogulitsa.

Mawu akuti galimoto yagulitsidwa momwe ilili, omwe amalembedwa kawirikawiri pa okushoni, amachepetsa ufulu wodandaula za ubwino, koma sapereka chilolezo cha bodza. Amalawi ogula mapikapu ku South Africa amakumana ndi mawu akuti voetstoots, omwe tanthauzo lake ndi lomwelo m'malamulo a kumeneko, ndipo ngakhale kumenekonso sateteza wogulitsa yemwe wabisa dala chilema chomwe ankachidziwa. Kubweza mmbuyo mita ya makilomita, kunena kuti injini yangokonzedwa kumene pomwe yangotsukidwa, kapena kubisa kuti galimoto inagubuduzikapo wogula atafunsa, ndi mabodza omwe amapatsa wogula ufulu wothetsa malonda kapena wofuna chipukuta misozi, ndipo pomwe pali cholinga chobera, ndime 319 ya Penal Code, yokhudza kupeza katundu kapena ndalama mwachinyengo, imagwira ntchito. Vuto limakhala umboni, pakuti mawu olankhulidwa pa yadi ya magalimoto amakanidwa mosavuta.

N'chifukwa chake mgwirizano wolembedwa, ngakhale wa tsamba limodzi lolembedwa pamanja m'Chichewa, uli ndi phindu loposa kukula kwake. Mukhale maina ndi manambala a ziphaso za unzika za onse awiri, nambala ya galimoto, ya chasisi ndi ya injini, makilomita omwe ali pa mita, mtengo ndi kalipiridwe kake, ndi chilichonse chomwe wogulitsa wanena chomwe chapangitsa wogula kuvomera, kuphatikizapo mawu akuti galimotoyo ilibe ngongole ndipo msonkho wake unalipiridwa, mboni ziwiri n'kusayinira. Kulipira kudzera ku banki kumasiya umboni womwe ndalama za m'chikwama sizisiya. Chanzeru kwambiri ndi kusunga gawo la ndalama mpaka tsiku lomwe onse awiri apita ku ofesi ya Road Traffic, ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba, kukasintha umwini, chifukwa wogulitsa akalandira zonse changu chake chimatha. Chizolowezi choyenda zaka ndi galimoto yomwe ili m'dzina la munthu wina, mwina wachitatu kumbuyo, chimapweteka onse: wogula sangaigulitse kapena kuikongolera ndalama mosavuta, ndipo wogulitsa amakhalabe woyamba kufunidwa ndi apolisi galimotoyo ikachita ngozi kapena ikagwidwa pa mlandu. Madobadoba oyendayenda pa maofesiwa amalonjeza kufupikitsa njira, koma chikalata chachinyengo chikadziwika woyankha mlandu ndi amene chili m'dzina lake.

Zinthu zikavuta, wogula asachedwe, popeza munthu amene wasunga katundu nthawi yaitali osanena kuti wamukana amatengedwa kuti wamulandira, ndipo amataya ufulu wombweza, n'kutsala ndi wofuna chipukuta misozi chokha. Kalata yokana galimoto, yotchula chifukwa ndi tsiku, ilembedwe vuto likangodziwika. Ngati wogulitsa ndi wamalonda, dandaulo likhoza kupita ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe lamulo latsopano la mu 2024, lolowa m'malo mwa la mu 1998, linalipatsa mphamvu zolamula kubweza ndalama ndi kulipitsa chindapusa amalonda onyenga ogula, ndipo lamulo la Consumer Protection Act la mu 2003 limaletsanso kutsatsa malonda monama. Mkangano wa anthu awiri wamba umapita ku bwalo la milandu, la majisitireti kapena lalikulu malinga ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo milandu ya mgwirizano imayenera kuyambidwa zaka 6 zisanathe. Apolisi ndi a milandu yaupandu monga kuba ndi chinyengo, ndipo kuwagwiritsa ntchito poopseza munthu pa nkhani ya giyabokosi yowonongeka n'kulakwa.

Galimoto ikakhala yake, wogula amasanduka mwini, ndipo lamulo la Road Traffic Act la mu 1997 limamusenzetsa udindo. Galimoto iyenera kukhala ndi COF, chikalata chotsimikiza kuti yayesedwa mabuleki, magetsi, chiwongolero ndi matayala n'kupezeka yoyenera kuyenda pamsewu, koma chikalatachi sichinena kalikonse za moyo wa injini kapena wa 4x4, ndipo wogula asachitenge ngati umboni wa ubwino wa galimoto. Laisensi ya gulu B imalola kuyendetsa galimoto yomwe kulemera kwake kovomerezeka, pamodzi ndi katundu, sikuposa makilogalamu 3,500, ndipo ngolo yokokedwa yolemera kuposa makilogalamu 750 imafuna gulu EB. Mapikapu ambiri a kabu imodzi anapangidwa kuti anyamule pafupifupi tani imodzi, yomwe ndi matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, ndipo a makabu awiri amanyamula zochepera apo. Kuwonjezera masipuling'i kuti galimoto isakhale pansi itasenza matumba 40 sikusintha kulemera kovomerezeka, sikuwonjezeranso mphamvu ya mabuleki potsetsereka pa Golomoti kapena pa Chiweta.

Inshuwalansi yoteteza anthu ena, yotchedwa third party, ndi yokakamiza, ndipo ndime 148 ya lamulo lomweli imalola munthu wovulazidwa kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji, koma mpaka pa malire a ndalama zomwe zinalembedwa mu mgwirizano wa inshuwalansiyo. Bwalo likagamula chipukuta misozi choposa malirewo, zotsalazo zimachokera m'thumba la mwini ndi dalaivala, ndipo eni magalimoto ambiri amazindikira zimenezi mlandu utatha kale. Inshuwalansi imeneyi siikonza galimoto ya mwini wake. Komanso mgwirizano wa inshuwalansi umadalira kunena zoona zonse, kotero kuti amene analembetsa pikapu ngati yoyendera pa zofuna za pakhomo koma akuichititsa hayala, kapena amene anaikweza, kuisintha injini ndi kuiveka zitsulo zakutsogolo osauza kampani, amaipatsa kampaniyo chifukwa chokanira kulipira. Kusintha injini, komwe kumachitika kawirikawiri pa magalimoto akale, kuyeneranso kulembetsedwa ku Road Traffic, ndipo lisiti ya injini yatsopanoyo isungidwe. Wosakhutira ndi momwe kampani ya inshuwalansi yachitira akhoza kudandaula kwa Registrar of Financial Institutions, ku Reserve Bank of Malawi.

Matola ndi nkhani yofunika kuinena mosabisa. M'madera momwe minibasi sizifika, pikapu ndiyo imanyamula odwala, amayi opita ku chigayo ndi anthu opita ku maliro, ndipo palibe angakane kuti imathandiza, koma kunyamula anthu kapena katundu molipiritsa kumafuna zilolezo zake, nambala zofiira za galimoto yamalonda, chiphaso chapadera cha dalaivala ndi inshuwalansi yogwirizana ndi ntchitoyo. Anthu okhala pamwamba pa matumba, miyendo ili lendelende kunja kwa bodi, alibe chowateteza galimoto ikagubuduzika, ndipo pikapu yokwezedwa imagubuduzika msanga kuposa galimoto yaifupi. Mwini amene walemba dalaivala amayankha mlandu wa kusasamala kwa dalaivalayo pa ntchito yomwe anamutuma ngakhale iye mwini anali kunyumba, ndipo antchito ovulala ali pa ntchito ali ndi ufulu wa chipukuta misozi pansi pa lamulo la Workers' Compensation Act la mu 2000.

Mwini ayeneranso kudziwa chomwe galimoto yake yanyamula. Lamulo la nkhalango, la Forestry Act la mu 1997, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kunyamula makala ndi matabwa opanda chilolezo, ndipo mabwalo a milandu akhala akulamula kuti magalimoto ogwidwa ndi katundu wotere alandidwe n'kukhala a boma. Lamulo la nyama zakutchire, la National Parks and Wildlife Act, lomwe linakonzedwanso mu 2017 n'kufikitsa chilango cha milandu ya nyama zotetezedwa kwambiri pa zaka 30 m'ndende, limalolanso kulanda galimoto yogwiritsidwa ntchito pa mlandu. Amene amabwereketsa pikapu yake usiku osafunsa komwe ikupita amaika pachiswe chuma chomwe anachivutikira zaka.

Ulendo wodutsa malire, kupita ku Chipata kudzera pa Mchinji kapena ku Tete kudzera pa Mwanza, umafuna bulu buku, kalata ya apolisi, chilolezo chotulutsira galimoto kwa kanthawi, ndi kalata ya mwini ngati woyendetsa ndi wina. Khadi yachikasu ya COMESA imagwira ntchito ngati inshuwalansi ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, koma ku Mozambique inshuwalansi imagulidwa payokha.

Zatsala ndi za kumapeto kwa sabata, pomwe mwini amafuna kuona chomwe galimoto yake ingathe kunja kwa tala. Choyamba n'chakuti malamulo a pamsewu sathera pomwe tala wathera, chifukwa msewu wa anthu onse, m'tanthauzo la lamulo, ndi njira kapena malo alionse omwe anthu amagwiritsa ntchito kapena ali ndi ufulu wodutsamo, kotero kuti laisensi, COF, inshuwalansi ndi malire a mowa, omwe ndi magalamu 0.08 pa mamililita 100 a magazi, zimagwira ntchito pa msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia monga momwe zimagwirira pa msewu waukulu wa M1. M'misewu ya kumudzi ndi momwe mumayenda ana, njinga za kabaza, ngolo ndi ziweto, ndipo fumbi la galimoto yothamanga limabisa onsewa kwa yobwera pambuyo. Wochita ngozi ayenera kuima, kuthandiza ovulala ndi kukanena ku polisi msanga, ngakhale ngoziyo yachitikira kutali ndi tauni.

Chachiwiri n'chakuti m'Malawi mulibe malo opanda mwini. Tchire lomwe mlendo amaliona ngati lopanda ntchito limakhala malo a boma, malo a munthu kapena esiteti, kapena malo a makolo omwe ali pansi pa mafumu ndipo amayendetsedwa ndi lamulo la Customary Land Act la mu 2016. Dambo lomwe limakopa oyendetsa 4x4 chifukwa cha matope ake ndi msipu wa ng'ombe za mudzi, ndipo m'mbali mwake muli madimba ndi zitsime. Mizere ya matayala ikakumbika mmenemo madzi a mvula amaitsata, n'kuyamba chigwembe chomwe chimakula chaka ndi chaka eni galimoto atabwerera kale ku tauni. Kamsitu kowirira pakati pa minda kawirikawiri ndi manda, komwe munthu salowa popanda chilolezo cha amfumu, ndipo kwa Achewa ndi komwenso kuli dambwe la Gule Wamkulu. Kulowa m'malo a wina popanda chilolezo ndi kuwononga mbewu kumapatsa mwini ufulu wofuna chipukuta misozi, kaya kwa amfumu kapena ku bwalo la milandu, ndipo woyendetsa amene wathyola mizere ya chimanga pozemba matope a pamsewu ayenera kufunafuna mwini munda n'kulipira, osadikira kuthamangitsidwa.

M'malo otetezedwa lamulo ndi lokhwima koposa. Ku Nyika, komwe kunakhala paki mu 1965 ndipo alendo ambiri amalowera pa chipata cha Thazima popita ku Chelinda, udzu waufupi wa pamwamba pa mapiri umaoneka ngati bwalo loti galimoto ingayende paliponse, koma ndi momwe mumamera mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, ndipo nthaka yake ikapondedwa siichira msanga. Ku Majete, komwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003, ndi ku Liwonde ndi Nkhotakota, komwe linayamba mu 2015, alendo amayenera kutsata misewu yovomerezeka, liwiro loikidwa ndi nthawi yotsekera zipata, ndipo misewu ina ya ku Liwonde imatsekedwa nyengo ya mvula chifukwa dothi lake lakuda limamiza galimoto ndi kuwonongeka likapondedwa lili lonyowa. Ndalama yolipira pa chipata imagula ufulu woyenda m'misewu yotsegulidwa yokha, ndipo msewu wotsekedwa ndi mtengo kapena chikwangwani ndi wotsekedwa kwa galimoto iliyonse, ngakhale yomwe ingathe kudutsa. Nkhalango za boma, monga za pa Zomba ndi Dzalanyama, zili pansi pa nthambi ya zankhalango, ndipo moto wosiyidwa usanazime m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndi mlandu womwe kuwononga kwake kumaposa mtengo wa galimoto iliyonse. Woyendetsa amene wafika pomwe msewu wololedwa wathera ayenera kuimika galimoto, n'kukapempha chilolezo kwa mwini malo, kwa amfumu kapena kwa woyang'anira paki, ndipo akakanizidwa abwerere.